Pulosesa ya ndalama za chilimba

M'nyumba mwathu muno ku Kamitondo tilimo ana atatu ndi amama. Wachisamba ali ndi kantemba kutsogolo kwa nyumba, komwe amalembera anthu ma CV, makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a maukwati ndi maliro. Wapakati, mtsikana yekhayo, amaphunzira za akaunti ku Copperbelt University. Mzime ali ku sekondale, ndipo mukamufunsa chimene amachidziwa bwino padziko lino adzakuuzani kuti ndi FIFA. Tonse atatu tinkadalira laputopu imodzi imene atate anatisiyira. Inatisunga zaka zambiri, mpaka tsiku lina mu December 2024 inazima pakati pa pulogalamu ya maliro, osayakanso. Wokonza m'tauni anaitsegula, anapukusa mutu, n'kutiuza kuti ndalama yoikonzera ndi bwino tisungire ina.

Amama amagulitsa kapenta ndi nyemba ku Chisokone. Ali m'chilimba cha azimayi anzawo a pamsika, ndipo nthawi yawo yolandira inafika mu February 2025. Ndalamazo zinali ndi ntchito kale: malata a pabalaza, amene ankadontha malo awiri mvula ikagwa. Madzulo ena anatiitana tonse, anaika K9,000 patebulo, nati: "Malata adikire. Koma mumve bwino, chilimba sichibwera kawiri pachaka. Mukagula chinthu chakufa, mudzakhala nacho chakufacho pansi pa denga lodontha."

Loweruka lotsatira tinakwera minibasi kupita m'tauni. Tinali titagwirizana kuti tikufuna kompyuta ya patebulo, chifukwa m'menemo chikawonongeka chinthu chimodzi mumangosintha chomwecho. Koma za mkati mwake tinkadziwa chinthu chimodzi chokha, chimene aliyense pa Kopala amachidziwa: i7 imaposa i5, ndipo i5 imaposa i3. Choncho m'shopu ina titaona kompyuta yopukutidwa bwino, yokhala ndi kachizindikiro ka i7 kutsogolo, mtengo wake wosafika theka la ndalama zathu, mitima inakhala pansi. Wogulitsa anaigogoda pamwamba ngati akugulitsa chivwende. "Ba boss, iyi ndi i7. Magemu onse, ntchito zonse. Mukachoka pano simudzaipezanso."

Wachisamba anali atayamba kale kupisa m'thumba. Wapakati ndiye anamugwira dzanja. "Achimwene, dikirani. i7 yake iti?" Anapempha kuti aiyatse, anadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, n'kutsegula pamene palembedwa Performance. Pamenepo kompyuta imadziulula yokha dzina lonse la pulosesa yake. Panalembedwa i7-2600. Analemba nambalayo pafoni, ndipo tinapeza kuti pulosesa imeneyi inatuluka mu 2011, mzime asanayambe n'komwe sukulu. Wogulitsa sananame, inalidi i7. Kungoti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tinathokoza, n'kutuluka ndalama zathu zili zonse.

Mu minibasi pobwerera ndi mmene tinaphunzira chinthu choyamba. Pa mapulosesa a Intel amenewa, nambala yobwera pambuyo pa kamzere ndi imene imanena m'badwo. i7-2600 ndi ya m'badwo wa 2. i5-8500 ndi ya m'badwo wa 8. Nambala zikakhala zisanu, ziwiri zoyambirira ndizo m'badwo, choncho i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022. Ndipo i3 ya mu 2022 imeneyo imaisiya kutali i7 ya mu 2011, ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Zili ngati kuyerekeza basi yaikulu imene yatha zaka makumi awiri pamsewu wa Kitwe ndi Ndola ndi kagalimoto katsopano. Ukulu wa dzina suyendetsa galimoto. Panalinso nkhani ina: Microsoft inali italengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapulosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Tikanagula i7 ija, bwenzi titagula chinthu chimene eni ake anachitsanzika kale.

Sabata yonse yotsatira tinakhala tikuwerenga pafoni ya wapakati usiku, bando ikutha ngati madzi. Amama atatopa ndi mawu achilendo amene tinkaponyerana, anati tiwafotokozere monga tingafotokozere munthu wa ku Katete kumene iwo anakulira. Apa m'pamene ifenso tinamvetsa. Tinawauza kuti pulosesa ndi khitchini ya kompyuta, ndipo ma core ndi mbaula. Pamaliro pakakhala mbaula imodzi, nsima imadikira nyemba, nyemba zimadikira madzi a tiyi. Pakakhala mbaula zisanu ndi imodzi, zonse zimapsa nthawi imodzi. Nambala ya GHz ndi ukali wa moto pa mbaula iliyonse. Ma thread ndi wophika wochenjera amene amayang'anira miphika iwiri: wina ukamadikira kuwira, iye akutakasa winawo. Sizifanana ndi kukhala ndi mbaula ziwiri zenizeni, koma zimathandiza. M'badwo watsopano ndi mbaula yopangidwa bwino, imene imaphika zambiri ndi malasha omwewo. Amama anagwedeza mutu. "Ndiye m'nyumba muno mukufuna mbaula zingati?"

Funso limenelo ndi limene linabutsa mkangano, chifukwa aliyense anali ndi yankho lake. Tinalemba njira zitatu kuseri kwa katoni.

Yoyamba inali ya wachisamba: kompyuta yakale ya mu ofesi yokhala ndi i5-8500, ya mu 2018, ya ma core 6. Makompyuta otere amabwera ambiri kuchokera kunja maofesi akasintha zipangizo, ndipo pa ntchito ya kantemba ndi okwanira ndithu. Ikanatsala ndalama yogulira malata angapo. Vuto lake linali loti mphamvu yake yojambula zithunzi ndi yofooka, ndipo mabokosi ake ambiri ndi aang'ono, power supply yake yochepa mphamvu, moti graphics card yaikulu singalowemo.

Yachiwiri inali ya mzime: i3-12100F pamodzi ndi graphics card yogwiritsidwapo kale ntchito, RX 580, imene mnzake wa ku Buchi ankagulitsa. Pa nkhani ya magemu mwanayu ankanena zoona. Mu gemu, pulosesa imawerengera kumene mpira ukupita ndi mmene osewera akuthamangira, koma chojambula udzu, nkhope ndi anthu a m'bwalo ndi graphics card. Pulosesa yodula yopanda khadi yabwino siikupatsani gemu yokongola, pamene pulosesa yapakatikati yokhala ndi khadi yabwino imatero. Iye ankafuna EA Sports FC 24, imene inalowa m'malo mwa FIFA mu 2023, ndipo opanga ake amati pamafunika khadi yosachepera GTX 1050 Ti. Anali ataloweza zimenezi kuposa masamu.

Yachitatu inali ya wapakati: Ryzen 5 5600G ya AMD, ya mu 2021, ya ma core 6 ndi ma thread 12. Iye ankaganiza za usiku wa asainimenti, pamene Excel ili yotsegula, kalasi ikuchitika pa Zoom, masamba khumi ndi asanu ali otsegula pa intaneti, kenako achimwene n'kubwera kuti asindikize msanga kalata ya kasitomala. Laputopu ya atate inkauma pa nthawi ngati imeneyo, ndipo kangapo konse anataya ntchito ya maola awiri.

Apa tiime pang'ono pa zilembo za kumapeto kwa mayinawa, chifukwa zagwetsa anthu ambiri. Pa Intel, chilembo F chimatanthauza kuti pulosesayo ilibe mbali yojambula zithunzi. Mukaigula popanda graphics card, mudzayatsa kompyuta, mafani adzazungulira, koma sikirini idzakhala yakuda. Pa AMD ya m'badwo umenewu zili mosemphana: Ryzen 5 3600 ndi Ryzen 5 5600 zilibe mbali imeneyi, koma yokhala ndi G kumapeto ili nayo, ndipo ndi yamphamvu kuposa ya mu i5-8500. Chilembo chimodzi chikhoza kukubwezani m'tauni kukafunafuna ndalama zina zimene mulibe.

Tinakangana masiku atatu. Mzime anati tikumupondereza chifukwa ndi wamng'ono. Wachisamba anati magemu sagula ufa. Wapakati anati onse awiri akuiwala kuti fizi yake ndi imene ikudya ndalama zambiri m'nyumba, ndipo akalephera mayeso tonse taluza. Aliyense anali ndi mbali ya choonadi, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha.

Chimene chinauthetsa ndi malaiti. Tonse tikukumbukira 2024. Mvula inakana, pulezidenti analengeza mu February chaka chimenecho kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, pofika September panali masiku amene malaiti ankabwera maola atatu okha. Nthawi zina ankabwera pakati pa usiku, komboni yonse n'kudzuka, wina kusita, wina kutchaja foni, wina kuphika nyemba za mawa. Chaka chimenecho wachisamba anagula invata yaing'ono ndi batire imodzi kuti kantemba kasatseke. Tsiku lachitatu la mkangano, amama anatifunsa ali chisankhire nyemba m'lichero: "Chimene mukufunacho, batire ija ichikwanitsa?"

Tinabwereranso pafoni. Pulosesa iliyonse ndi khadi iliyonse ili ndi nambala ya mawati, imene imakupatsani chithunzi cha magetsi amene imadya ndi kutentha kumene imatulutsa. i7-2600 ija ndi ya mawati 95. i5-8500 ndi Ryzen 5 5600G zonse ndi za mawati 65. i3-12100F ndi ya mawati 58, koma RX 580 payokha ndi ya mawati 185. Kuwonkhetsa ziwirizo, kompyuta ya mzime ikanamadya magetsi oposa katatu poyerekeza ndi ya wapakati gemu ikakhala pakati. Batire imene inkafunika kusunga kantemba mpaka madzulo ikanatha mpira usanafike theka lachiwiri kangapo. Mzime anayang'ana nambalazo nthawi yaitali. Sanavomere ndi pakamwa, koma anasiya kutchula mnzake wa ku Buchi.

Panatsala njira ziwiri. Amama anaweruza mmene amaweruzira nkhuku ya pa Khirisimasi: "Gulani imene aliyense adyepo." Ya mu ofesi ikanakhutitsa awiri n'kusiya mmodzi ndi njala. 5600G sinali yoposa zonse pa chilichonse, koma inali ndi gawo la aliyense. Inalinso yatsopano, ya m'bokosi lake, yokhala ndi fani yake yoziziritsira momwemo, ndipo motherboard yake ya AM4 ili ndi malo oikapo graphics card tsiku limene tidzaipeze.

Pogula tinaphunzira kuti pulosesa siyenda yokha, ndipo ndalama zikathera pa iyo yokha mwaluza. Mbali yojambula zithunzi ya mu 5600G ilibe memore yakeyake, imabwereka ku RAM ya kompyuta. Choncho RAM imafunika kukhala timitengo tiwiri, kuti misewu yopita ku pulosesa ikhale iwiri. Wogulitsa wa shopu yachiwiri anafuna kutipatsa kamtengo kamodzi ka 16 GB, ife tinapempha tiwiri ta 8 GB, ndipo mtengo unali pafupifupi womwewo. Tinatenga SSD ya 512 GB m'malo mwa hard disk yaikulu, chifukwa kompyuta zambiri zimene anthu amati n'zochedwa zimachedwetsedwa ndi hard disk, osati pulosesa. Pa power supply tinakana yotchipitsitsa, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, chifukwa imeneyo ikapsa imatha kupita ndi anzake. Tinawonjezera chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Ndipo tinaumirira kuti aimange ndi kuiyatsa ife tikuona, popeza ma motherboard ena a AM4 amene anakhalitsa pashelefu amafunika kuwasinthira BIOS kuti aizindikire 5600G.

K9,000 sinakwane. Wachisamba anawonjezera za kantemba, wapakati anapereka ndalama imene ankasungira tsitsi. Sikirini sitinagule, tinatenga TV yakale ya kuchipinda n'kuilumikiza ndi HDMI. Mzime ankalota bokosi lagalasi la timagetsi tamitundumitundu, koma tinagula bokosi lakuda lakale, lokandika m'mbali, limene wokonza anali atalisiya pansi pa tebulo. Iye mwini ndiye analinyamula pamiyendo mu minibasi mpaka ku Kamitondo.

Tisanaimange, amama anabwera kuchokera pamsika kudzaona chimene chadya malata awo. Wokonza anawaikira pulosesa padzanja, n'kuwachenjeza kuti asakhudze timapini ta kunsi, chifukwa timapindika msanga. Ndi kanthu ka masentimita 4 mbali zonse. Tinawauza kuti mtima wake unapangidwa ku Taiwan, ndipo chivundikiro chake chonyezimiracho ndi mkuwa wokutidwa ndi nikelo. Atate anagwira ntchito pansi pa mgodi wa Nkana zaka zambiri, choncho mawu akuti mkuwa m'nyumba mwathu si achilendo. Amama anakayeza kulemera kwake padzanja monga amayezera kapenta. "Mkuwa umachoka kuno pa malole," anatero, "pobwera ukubwera wokwana m'chikhatho, mtengo wake matumba a kapenta." Anakabweza mosamala, n'kubwerera ku malonda awo.

Tsopano miyezi yapita, ndipo tikhoza kunena zoona zake. Pa ntchito, sinaumepo. Wapakati amatsegula zonse zimene akufuna, achimwene amasindikiza pakati pa kalasi yake, ndipo palibe chimene chimatayika. Ikayaka sipatha theka la mphindi, chinthu chofunika kwambiri pamene simudziwa kuti malaiti akhala nthawi yaitali bwanji. Pa magemu, mzime anapeza theka la maloto ake. FIFA 22 imayenda bwino akatsitsa kukongola kwa zithunzi, ndipo amasankha Leicester City nthawi zonse chifukwa muli Patson Daka. GTA V imayendanso. Koma FC 24 atayesa, inkadukiza pa nthawi yoipa kwambiri, mpira uli pafupi ndi golo, ndipo anakhala sabata yathunthu osatilankhula bwino. Sitinamunyengerere ndi bodza lakuti palibe kusiyana. Kusiyana kulipo, ndipo iye ndiye analipira mtengo waukulu pa chisankho chathu.

Pakhoma pafupi ndi TV pali pepala la nthawi. M'mawa mpaka 16 koloko ndi kantemba. Madzulo ndi sukulu. Kuyambira 21 koloko ndi Loweruka masana ndi mpira, pokhapokha homuweki itatha ndipo malaiti alipo, chifukwa pa batire sitisewerapo gemu. Lamulo limeneli analemba ndi mzime yekha, ndipo anzake a ku Buchi akabwera amawawerengera.

Kwa inu amene muli ndi ndalama zochepa ndipo mukuganiza zogula, sitikunena kuti mugule imene tinagula ife. Mukakhala nokha, magetsi anu ndi odalirika ndipo mtima wanu uli pa magemu, njira ya mzime ndi yabwino kuposa yathu. Mukafuna ya ntchito yokha, ya mu ofesi ya m'badwo wa 8 ikukwanirani, ndipo chenji mugulire malata. Chimene tikupemphani n'chakuti musanapise m'thumba muone dzina lonse la pulosesa pa sikirini ndi maso anu, osati pa kachizindikiro ka kutsogolo. Muone m'badwo wake ndi chilembo cha kumapeto. Kenako muwerenge anthu amene adzaigwiritse ntchito, ndi magetsi amene mulidi nawo m'nyumba.

Mvula yonse ya March tinaithera ndi mabeseni awiri pabalaza, kompyuta titaikankhira pakona youma, itafundidwa chitenje. Amama sanadandaulepo, koma madzulo aliwonse akabwera ku Chisokone ankafunsa wachisamba kuti, "Chabweza zingati lero?" ndipo ankalemba m'kabuku kawo ka ngongole. Mu October, mvula isanayambe, ndalama za kantemba zinagula malata. Pamwamba pa bokosi lakuda lija pali chitini cha mkaka chobooledwa pachivundikiro. Mzime amaponyamo zimene amapeza akathandiza kulemba ma CV Loweruka. Analembapo ndi cholembera chofiira kuti "khadi", ndipo pansi pake, ndi zilembo zazing'ono, anawonjezera kuti "ya mawati ochepa".